Kuthamanga Sikufika, Koma Mtima Usachite Kusinza

Makolo ponena kuti kuthamanga sikufika ankalangiza anyamata a phuma. Lero mwambiwu walembedwa ganyu ina. Mawotchi apamkono ayamba kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo bambo akaona nambala 48 amadziguguda pachifuwa kuti ndi katswiri wa masewera, chonsecho ulendo wake wautali ndi wochoka pampando kupita pomwe pali nsima.

Mtima wa munthu wamkulu akangokhala umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Ukatsika pa 60 madokotala amati bradycardia, dzina loopsa kuposa vutolo nthawi zambiri. Wakabaza wokwera zitunda tsiku ndi tsiku mtima wake umakhwima: ukagunda kamodzi umapopa magazi ambiri, ndiye uthamangirenji? Miguel Indurain wa ku Spain, amene anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France kasanu motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1995, akuti wake unkagunda ka 28. Nafenso tikagona umatsika. Ngati thupi lili gwa, palibe mlandu.

Mwambiwu umathera pomwe chizungulire chayambira. Kukomoka, kutopa usanagwire khasu, befu pokwera kachitunda, kupweteka pachifuwa: apa mtima sukuyenda mwaulemu, ukujomba ntchito. Mwina ndi mankhwala a BP monga atenolol ndi propranolol, mwina chithokomiro chafooka, mwina ukalamba wasokoneza magetsi a mumtima. Musasiye mankhwala panokha, ndipo musafunse gulu la pa WhatsApp, chifukwa kumeneko aliyense ndi dokotala ndipo matenda onse amachira ndi adyo. Pitani kuchipatala akakujambuleni ECG. Wokomoka kapena womva kupweteka pachifuwa asadikire kuti kuche. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ena amangowasinthira mankhwala. Ena amawaika pacemaker, kachipangizo ka batire kokhala pansi pa khungu la pachifuwa, kamene kamatsina mtima ukayamba kusinza. Woyamba kuikidwa kachipangizoka m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, mu 1958. Koyambako kanafa patangopita maola ochepa, anamusinthira tina kambirimbiri, koma mkuluyu anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86. Dokotala amene anamuchita opaleshoni ndi injiniya amene anapanga kachipangizoko anali atatsogola kale onse awiri.