Chipsera chabwino pa mabo n'chiti?

Ndifunseko, akuluakulu inu amene mumasunga mabo akale m'makabati ku America ndi ku Ulaya, paja safunsa anadya phula. Ine ndimadziwa kuti mabo ndi timipira tagalasi toseweretsa ana. Ndiye ndikumva kuti kwanuko azibambo a imvi zawo amasonkhana m'mahotela, aliyense ali ndi tochi ndi kagalasi kokulitsira zinthu, n'kumatembenuza kampira kamodzi mwakachetechete, mapeto ake wina n'kulipira madola masauzande. Kodi mumakhala mukufuna chiyani m'menemo?

Akuti choyamba mumafuna chipsera. Nkhani yake ndaimva ndithu. Ku Lauscha, tauni yaing'ono ya m'nkhalango za Thuringia ku Germany, amisiri a galasi anatulukira sizasi yapadera m'zaka za m'ma 1840. Ankatenga ndodo yagalasi yokhala kale ndi timizere tamitundumitundu mkati, n'kuotcha nsonga yake mpaka ifewe, n'kuipotokola, kenako n'kuidula ndi sizasi ija, imene inali ndi kambale koumbira kuti chodulidwacho chituluke chobulungira. Podulapo pankatsala pokhakhala, ngati mchombo wa mwana, ndipo inu mumapatchula kuti pontil. Timipira todulidwa pa ndodo timakhala ndi michombo iwiri, kuno ndi uko. Chala chanu chikangogunda pokhakhalapo nkhope imawala, chifukwa mwadziwa kuti aka kanaumbidwa ndi manja, ndipo mwina kanawoloka nyanja nkhondo ya 1914 isanaduladule malonda a Germany.

Mpaka apa tili limodzi. Koma pambali pa chipsera chimenecho pali china, kokhota ngati mwezi watsopano, pamene kampirako kanagundana ndi kanzake. Ichi mukachiona mumakwinya nkhope, n'kutsitsa mtengo. Mumapereka malikisi mpaka 10, ndipo kopanda bala ngakhale limodzi mumati ndi mint. Ngakhale kadontho kosaoneka bwino ndi maso mumakapatsa dzina, akuti polumidwa ndi utitiri. Nanga bwanji chipsera cha sizasi chili chuma, pamene chipsera cha mwana chili chilema? Mmisiri wa ku Lauscha uja ankaumbiranji kampirako, si kuti kazigundidwa?

Ndinaganiza kuti mankhwala ake ndi osavuta: kupala pang'ono ndi kupukuta mpaka mabala onse athe. Alipo ndithu amene amagwira ntchito imeneyo ndi makina. Koma akuti ayi, kopukutidwa katsika mtengo, chifukwa kachepa thupi ndipo kawirikawiri mchombo uja umapita nawo. Wogulitsa kotero osanena kuti kanapukutidwa mumamutenga ngati tambwali. Ndiye kovulala simukafuna, kochiritsidwa simukafunanso. Kotsala n'kati? Ndi kamene sikanagwepo pansi chiumbidwireni. Eni ake anali ndani? Mwina mwana amene makolo ake ankamuletsa kutuluka panja. Mwina katundu amene anagona m'sitolo zaka zambiri osapeza womugula. Kodi ndalakwitsa ndikati mphoto yaikulu mumaipereka kwa choseweretsa chimene chinalephera ntchito yake?

Pali mtundu umodzi umene ngakhale ine ndikhoza kuusirira, umene mumati sulphide. Ndi kampira kakulupo, kagalasi loyera mbee, ndipo pakati penipeni pakhala kagalu, katambala kapena kamkango. Kanyamako n'kadothi loyera, koma kamanyezimira ngati siliva chifukwa cha mpweya wochepa umene unatsekeredwa pakati pa dothi ndi galasi. Mmisiri ankakankhira kanyamako m'galasi lamoto, n'kulitseka mofulumira. Akachedwa pang'ono, thovu lalikulu linkaphimba nkhope ya kagaluko, kapena kankatsamira mbali imodzi. Apa ndiye mumafuna kokhala pakatikati, kopanda thovu. Kodi si inu nomwe munati kupanda ungwiro ndiko umboni wa manja a munthu? Malire ake ali pati, ndipo anawalemba ndani?

Ndinkayesa kuti nkhani yonse yagona pa manja, kuti zopangidwa ndi makina n'zachabechabe. Kumenekonso mwanditembenuza. Mu 1905 Martin Christensen wa ku Akron, m'chigawo cha Ohio, analandira chiphaso cha makina ake obulungiza galasi. Kampani ya Akro Agate, imene chizindikiro chake chinali khwangwala, inasamukira ku Clarksburg, West Virginia, mu 1914, kutsatira gasi wotsika mtengo ndi mchenga wabwino, ndipo inagwira ntchito mpaka 1951. Timipira ta makina tinali tobulungira bwino, topanda mchombo, toyenda molunjika, ndipo ana anatikonda kuposa ta ku Germany. Tinkatuluka mamiliyonimamiliyoni. Koma lero tina mwa ito mumatilimbirana kuposa ta manja. Kampani ina, Christensen Agate, inangokhala kuyambira 1925 mpaka 1933, ndipo kampira kake kamawangamawanga, kamene mumakatchula dzina la nkhanga, kamagula zimene thumba lonse la timipira tina silingagule. Ndiye chodula ndi manja, kukongola, kapena kungoti fakitale inafa msanga?

Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: pa kampira sipalembedwa dzina. Mumadziwa bwanji kuti aka n'ka Akro, ako n'ka Peltier wa ku Ottawa, Illinois? Kokhala ndi chithunzi cha Betty Boop n'kosavuta, poti Peltier ndiye ankasindikiza zidole za m'manyuzipepala pa mabo. Akuti corkscrew wa Akro amadziwikanso, mzere wake umazungulira kuchoka kumutu mpaka kumunsi osadzidutsa wokha. Chabwino. Nanga mafakitale ang'onoang'ono a ku West Virginia aja, monga Alley, Ravenswood ndi Champion, amene ankasungunula magalasi otsala ku mafakitale ena, ndipo makina awo ankafanana? Ndamva kuti zikakuvutani mumangoti ndi West Virginia swirl, n'kupita pa kena. Zimenezi zandilimbitsa mtima pang'ono.

Za tochi yanu ya kuwala kwa ultraviolet ndingofunsa mwachidule. Mukazimitsa magetsi n'kuunika, timipira tina timawala mobiriwira chifukwa m'galasi mwake munathiridwa uranium pang'ono kuti akongoletse mtundu. Uranium yemwe uja wa mabomba, m'thumba la kabudula wa mwana? Mwati ndi wochepa kwambiri, ndavomera, koma ine sindikanaika kampira kotero m'kamwa monga amachitira ana.

Tsono amene ine ndimawadziwa ndi a diso la mphaka, oyera ndi kaduwa kamitundu pakati. Anayamba kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1950, otsika mtengo, ndipo ana a ku America anawathamangira mpaka mafakitale akwawo ambiri anagwada. Kwa ine ndi okongola zedi, munthu ukawayang'anitsa padzuwa. Inu mumawasesera pambali ndi kuseri kwa dzanja, akuti achulukitsa. Ndiye kuti choseweretsa chimene ana anachikonda koposa ndicho chopanda pake pamaso panu?

Ku Tinsley Green, ku England, akuluakulu anzanu amakumana tsiku la Lachisanu Loyera, mwambo umene wakhalapo mu mpangidwe wake wa lero kuyambira 1932. Amagwada pansi, n'kumawombera mabo 49 kuti atuluke m'bwalo lothiridwa mchenga. Kodi inu mumapitako? Mtima umakhala m'malo mukamamva kulira kwa galasi likugunda linzake?

Ndipo mdzukulu wanu akaloza kabati ija n'kunena kuti, "Agogo, ndibwerekeniko kamodzi," ndikudziwa kuti mumamugulira thumba latsopano la Vacor, fakitale yaikulu ya ku Guadalajara ku Mexico, kuti akasewere nalo panja. Koma mwandiphunzitsa nokha kuti thumba losatsegula limaposa lotsegula, likangopirira zaka zokwanira. Ndiye mwanayo mumamuuza chiyani, alitsegule kapena alisunge?