Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma ya m'mabuku imakwatira

Makolo athu, amene ankadziwa kukumba mbewa kuposa kulemba makalata achikondi, adatisiyira mawu akuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amene adapitako kokumba mbewa m'chilimwe, chimanga chitakololedwa, akudziwa mmene zimakhalira. Anyamata amasonkha moto pakhomo pa una n'kumakupizira utsi mkati. Mbewa yochenjera imatulukira khomo lina n'kuliyatsa liwiro. Mwina chibonga chiipeza, mwina ipulumuka. Koma ija yoti "nanga ndikatuluka anthu andiona bwanji" imangokhala phee mpaka utsi kuimaliza, m'mawa mwake n'kupezeka ili pampani m'mphepete mwa msewu wa M1.

Chodabwitsa n'chakuti kunjaku kuli alembi amene akudya bwino chifukwa cha mbewa yomweyi. Amalemba mabuku a mnyamata ndi mtsikana amene ndi mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Amadyera limodzi, amauzana zinsinsi, mudzi wonse ukuona kuti awiriwa akufunana, kupatula eni akewo. Wowerenga amadziwa pofika tsamba lachitatu kuti ukwati ulipo, koma amagulabe bukulo kuti aone kuti utsiwo mbewa iupirira mpaka liti.

Gogo wa nkhani zoterezi ndi Jane Austen wa ku England, amene buku lake lotchedwa Emma lidatuluka mu 1815. Bambo George Knightley ndi mlamu wake wa Emma, pakuti mng'ono wawo adakwatira mkulu wake wa mtsikanayo. Amamuposa ndi zaka 16, amabwera pakhomopo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kumudzudzula. Bukuli lili ndi mitu 55, koma bamboyu amatsegula pakamwa pa mutu 49. Nayenso Emma amadzidzimuka kuti amawakonda pokhapokha mnzake Harriet Smith atamuuza kuti maso ake ali pa bambo omwewo. Akadakhala kwathu kuno, azakhali akadaimaliza nkhaniyi pa mutu wachiwiri. Chokhacho chimene Achewa angawayamikire a Knightley n'chakuti adavomera chikamwini: atakwatira adasiya nyumba yawo yaikulu ya Donwell Abbey n'kukakhala kwa apongozi awo ku Hartfield.

Kuchokera apo manyazi akhala akungokula. Mufilimu ya When Harry Met Sally ya mu 1989, imene nkhani yake adalemba ndi Nora Ephron, Harry ndi Sally amadziwana paulendo wa pagalimoto wochokera ku Chicago kupita ku New York, ndipo Harry amalimbikira kuti mwamuna ndi mkazi sangakhale mabwenzi chabe. Zimamutengera zaka 12 kuti atsimikize yekha mawu akewo, mochita kuthamanga m'misewu usiku wolowera chaka chatsopano. Cecelia Ahern wa ku Ireland adanyanyiratu m'buku lake la Where Rainbows End la mu 2004. Rosie ndi Alex ndi mabwenzi kuyambira ali ana ku Dublin. Alex atalimba mtima amalemba kalata yoululira zakukhosi, koma kalatayo imagwera m'manja mwa mwamuna wa Rosie, amene amaibisa. Awiriwa amapezana ali ndi zaka 50, msinkhu umene anzawo akukambirana za mankhwala a nyamakazi.

Musaganize kuti alembiwa sadziwa zimene akuchita. Nkhani yachikondi imafuna chopinga. Kale chopingacho chinkakhala makolo okana, umphawi, kapena mabanja awiri odana. Koma mabwenzi apamtima alibe wowaletsa: makolo amamudziwa kale mnyamatayo, ngakhale galu wa pakhomopo adasiya kumuuwa. Choncho mlembi amaika chopingacho pakhosi pa munthu mwiniyo. Amamupatsa mantha akuti akalankhula n'kukanidwa, ataya zonse ziwiri, chikondi ndi ubwenzi womwe. Mnyamatayo atati anene mawu ake patsamba 5, bukulo lingathere patsamba 6, mlembi n'kugona ndi njala. Manyazi a mbewa ndiwo ndiwo za mlembi.

Vuto limabwera achinyamata athu akayamba kutengera nzeru m'mabukumu. Mumamudziwa mnyamata ameneyu, mwina mumakhala naye nyumba imodzi. Foni ya mtsikanayo ikasweka galasi, wopita nayo kokonzetsa ndi iyeyo. Bandulo ikatha pakati pa usiku, wotumiza ndi iyeyo. Mtsikanayo akamasamuka, mudzamuona atasenza matiresi pamutu kukasaka kabaza. Ali pachiwaya, amamusiyira chidutswa chachikulu cha nyama. Mtsikanayo akakhumudwitsidwa ndi chibwenzi chake, amalirira pafoni ya mnyamata yemweyu, iye n'kumalangiza kuti "mukhululukire, amuna ndi momwe tilili," uku mtima ukuwira. Kenako tsiku lina amalemba uthenga wautali pa WhatsApp, n'kuuwerenga kawiri, n'kuufufuta, n'kutumiza woti "Wadya kale?"

Malipiro ake amabwera tsiku limene mtsikanayo akumuonetsa kwa anzake a kuntchito: "Awa ndi achimwene anga, kuposa a bere limodzi." Mnyamata amaseka, mano onse pamtunda, koma mkatimo maliro ayamba.

M'mabuku, apa m'pamene mlembi amabweretsa chozizwitsa. Amene adaonera Kuch Kuch Hota Hai, filimu ya ku India ya mu 1998 ya Shah Rukh Khan ndi Kajol, akukumbukira kuti Anjali amakwera sitima n'kuchoka osamuuza Rahul kuti amamukonda. Patapita zaka, pa tsiku la ukwati wa Anjali, mkwati Aman amaona misozi ya mkwatibwi n'kumumasula kuti apite kwa Rahul. Ndiye tayesani zimenezo ku Lilongwe. Holo adalipira kale, mpunga wapsa, ankhoswe a mbali zonse avala masuti obwereka, amalume abwera kuchokera kumudzi pa minibasi yochita hayala. Ndi mkwati uti angati, "Tengani mkaziyu achimwene, ndaona kuti mumakondana"? Chimene mnyamata wathu amapeza pa tsikulo ndi udindo mukomiti. Amakhala woona za mayendedwe, kapena wogwirizira dengu la perekaniperekani, kumayang'ana ndalama zikuwulukira mkazi amene iye adamusenzera matiresi.

Mlembi mmodzi yekha ndiye adayandikira pang'ono nzeru za makolo athu. David Nicholls, m'buku lake la One Day la mu 2009, amatsata Emma Morley ndi Dexter Mayhew pa 15 Julaye chaka chilichonse, kuyambira mu 1988 atamaliza maphunziro ku Edinburgh. Amazengereza zaka zoposa 10, ndipo atangokhala m'banja nthawi yochepa, Emma amagundidwa ndi galimoto ali panjinga n'kumwalira. Owerenga ambiri adamukwiyira mlembiyo. Agogo akumudzi akadangogwedeza mutu n'kuti nthawi siidikira munthu wamanyazi.

Makolo athu ankadziwa kuti pakamwa pa mnyamata pamalemera, n'chifukwa chake sankamusiya yekha. Wolephera kufunsira mbeta ankatuma mlongo wake kapena mnzake kuti akayambe wafufuza. Nkhani ikapsa, amalume ankaitenga, ankhoswe n'kuimaliza. Padalinso chisuweni, chimene chinkalola mnyamata kutchula msuweni wake kuti "mkazi wanga" anthu onse akumva. Mtsikana akakwinya nkhope, zinali nthabwala basi. Akamwetulira, akuluakulu ankayamba kunong'onezana. Imeneyo inali njira yofunsira popanda kufa ndi manyazi, ndipo sinkafuna masamba 400.

Wina anena kuti makolo omwewo adatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoona. Koma wodikira nkhono amadikira mphindi zingapo, osati mpaka nkhonoyo itabereka ana atatu ndi mwamuna wina. Ndipo kulankhula sikutanthauza kuumiriza. Pali mabwenzi ena amene ndi mabwenzi basi, ndipo mtsikana amene wati "ayi, ndimakuonani ngati mlongo wanga" wayankha funso lonse. Alibe ngongole ya mabandulo aja, pakuti palibe adasainirana kuti ndi chikole. Nawonso atsikana asabisale kuseri kwa mwambo: ngati mnyamatayo wakhala akukufunsani ngati mwadya kwa zaka zitatu, mufunseni chimene akufuna kwenikweni, mwina mupulumutsa moyo.

Mabukuwa tiziwerenga ndithu, ndi okoma, ndipo palibe cholakwa kulira pang'ono pa mutu womaliza. Kungoti tizikumbukira kuti Rosie ndi Alex adali ndi mlembi wowasungira malo mpaka zaka 50, pamene inu mulibe. Ngati pali amene mumamukonda ndipo sali pabanja kapena paubwenzi ndi wina, muuzeni maso ndi maso, kamodzi, mwaulemu, musanalawe mowa. Akavomera, kauzeni amalume. Akakana, manyazi ake ndi a sabata imodzi, ndipo ndalama za bandulo muyamba kugulira ndiwo. Chitani zimenezi mwezi uno, kalata yokuitanani kumsonkhano woyamba wa komiti ya ukwati isanafike.