Thireyi ya mazira 26

Pa siteji ya minibasi ku Limbe, pafupi ndi mayi wogulitsa mazira owiritsa, pamakonda kukhala mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Tsiku lina ndinamupeza atakola mnyamata wa yunifomu pa mkangano.

"Agogo, thireyi imakhala ndi mazira 30. Funsani amayiwa."

"Ine ndikuti 26. Amayi, m'thireyimo muli madazeni angati?"

"Awiri, n'kutsala asanu ndi limodzi," anayankha mayiyo, maso ali pa mchere ndi tsabola.

"Wamva? Lemba 2, kenako 6."

Mnyamata anati kumeneko n'kubera. Mkuluyo anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pa dothi. Anati tikamalemba 30, 3 uja amaimira makumi atatu chifukwa tinazolowera kumanga zinthu m'mitolo ya khumikhumi. Mtolo ukakhala wa 12, nambala yakumanzere imawerenga madazeni, ndipo yotsatira imawerenga madazeni a madazeni, omwe ndi 144. Motero 100 wathuyu amalembedwa 84, pakuti madazeni asanu ndi atatu ndi 96, n'kutsala 4. Khumi ndi 11 zimafuna zizindikiro zawozawo, ndipo ambiri amangobwereka A ndi B.

"Nanga tizivutikiranji, zala zathu zili khumi?"

Mkuluyo anatambasula dzanja, chala chachikulu n'kumagunda mfundo za zala zinayi zija, zitatu pa chala chilichonse. Zinakwana 12, dzanja linalo lili m'thumba.

Apa kondakitala wina, minibasi yake isanadzaze, analowererapo: "Madala, phindu lake n'chiyani?"

Phindu lake n'kugawana, anatero mkuluyo. Khumi limagawika pawiri ndi pasanu basi, pomwe 12 amagawika pawiri, patatu, panayi ndi pasanu n'kamodzi. Anakumbutsa kuti kwacha isanabwere mu 1971, sheleni inali makobiri 12. Ana atatu ankagawana makobiri anayianayi popanda wolira, ndipo tiki, ya makobiri atatu, inali gawo limodzi la magawo anayi. Sheleni ija itasanduka 10 tambala, kugawa patatu kunayamba kusiya chotsala. Pa pepala n'chimodzimodzi: gawo limodzi la magawo atatu timalilemba 0.333 mpaka cholembera kutha, koma m'mawerengedwe a 12 ndi 0.4, nkhani yatha.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi cha nambala yomalizira m'mawerengedwe a 12 amenewa. Ikathera ndi 0, 4 kapena 8, yonseyo imagawika panayi, ndipo ikathera ndi 0, 3, 6 kapena 9 imagawika patatu. Thireyi ija ya 26 yathera ndi 6, ndiye anthu atatu atenga khumikhumi. 84 wathera ndi 4, ndiye panayi zitheka, patatu ayi. Munthu ungoyang'ana kumchira, osachita kuwerengera.

Mnyamata uja, wochenjera ndithu, anafunsa za kugawa pasanu. Mkuluyo anakanda m'mutu n'kuvomera kuti pamenepo 12 amagonja, chifukwa gawo limodzi la magawo asanu limatuluka 0.2497 mobwerezabwereza mosalekeza.

"Ndiye mwaluza, agogo!"

"Ndaluza pamodzi, ndawina pawiri. Kawerengere 1971, ubwere mawa undiuze ngati si 1183."

Mayi wa mazira anangoti iye 26 kaya 30 alibe nazo ntchito, koma amene watenga thireyi alipire mazira 30.