Kalata Yochokera ku Joni: Ndioneka pa Kanema, Koma Musaphethire

Okondedwa Achimwene,

 Kuno ku Randburg tilipo, kungoti chisanu cha Juni chikulowa mpaka m'mafupa.

Nkhani ndi yakuti mng'ono wanu ndioneka pa TV. Koma nkhuku musayambe mwapha, mvetserani kaye.

Anthu opanga sewero anabwera kudzajambula pafupi ndi kumene ndimagwira ntchito. Mayi wina wonyamula mapepala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti akusowa mlendo mmodzi kuti sewerolo lioneke kuti muli mtundu uliwonse. Mumtima ndinati basi, ndikhala dokotala kapena bwana wa kampani. Anandipatsa ovolosi ndi wilibala. Achimwene, ndinapempha tchuthi kuntchito ya m'maluwa kuti ndikakhale wa m'maluwa wabodza!

Dzina sanandipatse, mawu sanandipatse. Ntchito yanga inali kudutsa kumbuyo kwa anthu awiri okangana za chikondi, ndikumwetulira. Nditafunsa kuti kodi ndingapereke moni m'Chichewa, anati wilibala ikulira kale mokwanira.

Sindinali ndekha. Panali mmwenye mmodzi amene anandiuza kuti chiyambire zisudzo sanatulukepo m'sitolo: sewero lililonse amamuika kuseri kwa kauntala. Panalinso mzungu mmodzi atavala za polisi. Nditangomuona miyendo inayamba yokha kufunafuna mpanda, poti mapepala anga mukuwadziwa, ndipo ku Lindela, kotsekera opanda mapepala, sindikufunako. Anandigwira mkono akuseka, nati naye ndi waganyu, m'masewero a anthu akuda amangokhala wapolisi kapena loya, n'kufa msanga. Tonse atatu tinali ngati nthuli imodzi ya nyama pamwamba pa kabichi wa pamaliro, yoti anthu akasimbe kuti kunali nyama.

Komatu musawaseke kwambiri eni dziko, achokera kutali. TV inafika kuno mu 1976, ili ya Chingelezi ndi Chiafrikaans basi. Akuda anawapatulira matchanelo awo mu 1982, aliyense kwake, monga mwa tsankho la nthawiyo. Tsankholo litayamba kutha ndi pamene anayamba kusakaniza. Sewero la Generations la Mfundi Vundla linaonetsa akuda ali mabwana a makampani, atavala masuti. Muvhango, imene Duma Ndlovu anaiyambitsa mu 1997, inaika Avenda patsogolo, mtundu wochepa umene ena ankaunyoza. Mmenemo Mvenda ali ndi dzina, ali ndi azakhali ovuta, akulimbirana ufumu, akulakwa, akukhululukidwa. Skeem Saam inachita zomwezo ndi Apedi aku Turfloop. Kumeneko ndiye kuonetsa anthu.

Zinazi ndi kuwerenga khungu. Muone zotsatsa mowa: powotcha nyama pali wakuda, mzungu, mmwenye ndi mkaladi, onse akuseka ngati anabadwa mimba imodzi. Ine kumapwando a mabwana ndafikako, wakuda amene ndimamuona kawirikawiri ndi wotsuka mbale, ndiye kuti ine ndemwe.

Nanga ife akunja? Mnaijeriya akangotulukira m'sewero, dziwani kuti wabwera ndi katundu woletsedwa. Mmalawi ndi wokhulupirika, wosayankha, wothirira maluwa. Chonsecho kuno kuli Amalawi osoka zovala, owotcherera zitsulo, oyendetsa mathiraki, aphunzitsi ndi abusa. Kuli matransipota odutsa pa Beitbridge ndi mafiriji a eni, amene nkhani zawo zingadzaze sewero la chaka chathunthu. Vuto ndi lakuti wogwira cholembera sanakhalepo nafe n'kudya nsima. Amatiika pachithunzi kuti asanenedwe, koma pakamwa amatitseka.

Tsono sewero langa lija likamaonetsedwa ndidzakuimbirani. Mukapite kwa aphunzitsi aja ali ndi DStv, mukhale kutsogolo. Mukaona wilibala yobiriwira, ndi ineyo. Amene ayetsemule nthawi imeneyo ndiye kuti zamudutsa.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, mugule feteleza msanga asanakwere. Auzeninso amalume kuti njinga yamoto imene akuitanitsa idikire. Ndalama ya usitala wanga inathera pa takisi ndi buledi.

Moni kwa amayi ndi onse pamudzi.

Ine mng'ono wanu,
Wa ku Joni