Kalumo ka abusa obwerera kwawo

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za munthu wodutsa amene amafika pamudzi anthu atasowa pogwira, iye n'kutulutsa nzeru imene eni mudzi sadaiganizepo. Mwambiwu ukadalipo ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo, kungoti udasintha ntchito. Masiku ano kalumoko timakafufuza m'sutikesi, ndipo timafuna kabwere ndi chaja yake.

Amene mwambiwu umawapweteka kwambiri ndi banja la abusa amene mpingo udawatuma kunja, ndiye patapita zaka khumi ndi mphambu abwerako. Anthu otere alipo, ndipo sadayambe dzulo. Ife tidazolowera kuti mmishonale ndi mzungu, a Andrew Charles Murray ndi a T.C.B. Vlok amene adafika pa Mvera mu 1889. Koma a Vlok omwewo mu 1912 adatsikira ku Salisbury, Harare ya lero, kutsata Amalawi ogwira ntchito kumeneko, ndipo ntchitoyo idadzabala Sinodi ya Harare ya CCAP mu 1965, kumene abusa ochokera ku Nkhoma akhala akutumikira. Ena adawoloka malire pa Dedza kukathandiza mipingo ya ku Angonia m'chigawo cha Tete, ndipo a Assemblies of God nawonso amatuma awo kumaiko ena. Kutuma timatha. Kulandira obwerako ndiye phunziro limene tidajomba.

Vuto lake n'lakuti m'mutu mwathu kunja kuliko kumodzi kokha, ku Joni. Azigogo athu opita ku Wenela, Kamuzu asadaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ankabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chijekete. A masiku ano amabwera ndi firiji m'ngolo ya basi. Tsono mukangoti abusa anali kunja zaka 12, palibe amafunsa kuti kunja kwake n'kuti. Kaya kunali ku Ulongwe wa ku Angonia, kumene munthu wa pa Dedza amapita m'mawa n'kudzadyera nsima yamadzulo kwawo, kunja n'kunja basi.

Tsiku lofika, achibale amadzaza bwalo. "Takulandirani, abusa! Amayi busa, koma ndiye mwawalatu!" Pakamwa pali moni, maso ali pa makatoni. Ndipo makatoniwo ndi olemeradi: anyamata onyamula katundu pa depoti adalipiritsa kawiri, alamu amene adathandiza kutsitsa akugwira msana uku akumwetulira, poti cholemera chotere sichingakhale chachabe. Akatsegula loyamba, mabuku. Lachiwiri, mabuku. Lachitatu muli mabuku a nyimbo, wotchi yapakhoma ndi nsalu ya amayi a kumpingo imene adapereka potsazikana. Pamenepo azakhali amatsokomola n'kufunsa mwaulemu, "Nanga zinazo zikubwera pa thiraki?" Abusa amati, "Palibe zina, azakhali, ndi zomwezi." Azakhali amagwedeza mutu. Abusa sanganame, izo akudziwa, koma kubisa si kunama.

Kenaka makalata amayamba kubwera. Mlendo wolemekezeka pa Paper Sunday ya ku Area 23. Mlendo wolemekezeka pa chinkhoswe, pa ukwati, pa kukhazikitsa chimbale cha kwaya. Aliyense akudziwa kuti mlendo wolemekezeka ulemu wake umayezedwa m'mbale ya perekaniperekani, mkoko wonse ukuwerenga nawo. Munthu amene ankalandira kandalama ka mpingo wa alimi, nthawi zina malipiro ake ali thumba la chimanga ndi nkhuku, aimirire kutsogolo n'kutsegulira mwambo. Akaponya zochepa, manong'onong'o amati ndi woumira. Kuti alibe, limenelo palibe angalikhulupirire.

Chonsecho ndalamayo nayonso sakuidziwa. Adachoka pepala la K1,000 litangotuluka kumene mu 2012, munthu ukaligwira umayenda mosamala. Abwera apeza la K5,000, kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amayi busa pa msika wa Nsungwi amafunsa mtengo wa mulu wa tomato, n'kufunsanso kachiwiri, poganiza kuti mtengo wanenedwawo ndi wa beseni lonse. Wogulitsa amangowayang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato n'kuti, "Amayi, ndinu achilendo eti?" Funso limenelo likangofunsidwa, anyezi wakwera. Kabaza adasiya wopalasa, apeza wa njinga zamoto zouluka pakati pa maminibasi. Nyumba alibe, poti zaka zonsezi ankakhala m'nyumba ya mpingo, ndipo puloti imene adasiya ku Area 25 m'manja mwa mphwawo yaonda mbali zonse zinayi, aneba atamanga mipanda mwachangu. Landilodi akufuna miyezi itatu pakamodzi, ndipo iyenso wamva kuti achokera kunja.

Ana ndiye nkhani ina. Adabadwira konko, ndipo Chichewa chawo adachiphunzirira pa mapemphero a m'banja, cha m'Buku Lopatulika la 1922. Kondakitala akafunsa ngati akutsika pa siteji ikubwerayo, mwana wa zaka khumi amayankha kuti "indetu", minibasi yonse n'kufa nacho chiseko. Agogo amadandaula kuti adzukulu sadziwa kugwada, anzawo a kusukulu amawatcha dzina la dziko limene achokera. Moyo wawo wonse ankamva makolo akuti tsiku lina tidzapita kwathu, ndiye afika, ndipo pakutha pa mwezi wamng'onoyo amafunsa ali pa mphasa, "Adadi, kodi kwathu tibwerera liti?" Pamenepo abusa, amene amayankha mafunso a Utatu Woyera osaphethira, amatuma mwanayo kukatunga madzi.

Komatu kalumo kenikeni, kamene akuluakulu ankanena, abusawa ali nako. Adaona mpingo wosauka ukumanga tchalitchi ndi njerwa zoumba okha osadikira thandizo la kutsidya kwa nyanja. Adaona msungichuma akuwerenga ndalama pamaso pa anthu n'kumata lipoti pakhomo. Pa msonkhano wa akulu ampingo amakweza dzanja n'kuyamba, "Kumene tinali ife..." Ulendo woyamba anthu amamvetsera. Wachiwiri amayang'ana mafoni. Ukafika wachitatu dzina lamera kale, ndipo ngakhale amayi a Chigwirizano amati a Kumenetinali afika. Abusa nawonso, tinene zoona, amaonjeza: ulaliki uliwonse chitsanzo n'cha konko, mvula ya konko, ulemu wa ana a konko, mpaka munthu umafuna kufunsa kuti nanga adabwereranji.

Ndiye mkulu wampingo wina amadzuka, n'kukonza tayi. "Abusa, ndi ulemu wonse, kuno n'ku Malawi." Potuluka amauza mnzake kuti, "Si mwana wa uje ameneyu? Tinkamuona akuthamangitsa tayala pa Kawale pompano." Mwaonatu m'mene timaugawira mwambiwu. Ikakhala nkhani ya mphatso, abusa ndi mlendo wochokera kutali. Ikakhala nkhani ya nzeru, ndi mwana wa pakhomo, tidamuona ali ndi mamina.

Pakapita miyezi ingapo kumabwera mlendo weniweni, wa ku Nigeria kapena ku America, nkhope yake ili pa chinsalu chomangidwa pa mitengo iwiri pamsewu wa ku Mgona. Msonkhano wa masiku atatu, zimkuzamawu zobwereka, anthu ndi makope m'manja. Akamafuna womasulira amakumbukira kuti pali munthu wina adakhalako kunja. Abusa amavala suti, n'kuima pambali pa mlendo ndi maikolofoni yachiwiri, ija yolira. Mlendo akanena chiganizo chimodzi, abusa amamasulira zisanu. Mlendo akati Mulungu amakonda dongosolo, m'Chichewa zimatuluka njerwa zoumba tokha, msungichuma wowerenga ndalama poyera ndi lipoti lomata pakhomo. Amayi amalulutira, makope amadzaza, mlendo amadabwa kuti mawu ake ochepa akhudza anthu chotere. Pomaliza mkulu wampingo wa tayi uja amabwera kudzagwira abusa chanza n'kuti, "Mwamvatu, abusa? Zoterezi ndi zimene timafuna muzitiphunzitsa."