Jim Reeves wautsa mkangano ku Lichinga

Chisanu cha July chikafika pachimake kuno ku Lichinga, anthu amaunjikana pambaula, ndipo nkhani sizisowa. Sabata ino mtengo wa nyemba wayamba waiwalika. Pakamwa pa aliyense pali Jim Reeves, woimba nyimbo za country wa ku Texas, amene anamwalira pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville pa 31 July 1964, ali ndi zaka 40.

Zinayambira kwa wometa wina wa ku Chiuaula, amene amatsegula nyimbo za malemuwa dzuwa lisanatuluke. Mnyamata wina ali pampando, mutu utametedwa mbali imodzi, anafunsa kuti, "Achimwene, abusa akuimbawa ndi a mpingo uti?" Onse a pabenchi anafa nalo phwete. Wometayo anaimitsa makina n'kumuuza kuti munthuyo sanali mbusa, kungoti akamaimba za Mulungu, mawuwo amachokera pansi pa mtima.

Nkhani inafika pa siteji ya chapa, maminibasi opita ku Metangula. Agogo ena a ku Messumba analumbira kuti Jim anali wa Anglican, poti amaimba mofatsa ngati kwaya ya kwawo. Amayi ena achikatolika anakana kwamtuwagalu, akuti ulemu wotere ngwa ku Misa. Dalaivala ndiye anatseka mlandu. "Agogo, ine ndine Msilamu, koma nyimbo zimenezi ndikamatsika phiri kulowera kunyanja sindizimitsa. Anthu amakhala chete, ngakhale mkangano wa chenji umatha."

Kumsika waukulu, mkulu wina amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni anakumbutsa anthu kuti Jim anafika ku South Africa mu 1962, anaimbako nyimbo m'Chiafrikaans, komanso anasewera mufilimu ya Kimberley Jim. Akuti amuna obwerera kumudzi ankanyamula mbale zake pamodzi ndi galamafoni, atazikulunga m'bulangete kuti zisasweke. Iwo yawo ya We Thank Thee, chimbale cha nyimbo zauzimu cha mu 1962, akuisungabe m'sutikesi, ndipo zidzukulu sizikhudzako.

Amayi ogulitsa mbatata ya kachewere anali ndi dandaulo lawo. Akuti abambo ambiri anaphunzira kufunsira mbeta ndi nyimbo zachikondi za Jim, koma za kulapa zija amazidumpha. Abambo amene anali pafupi anangoyang'ana kumbali, akumwetulira.

Onsewa akugwirizana pa chinthu chimodzi. Munthuyu ankaimba za imfa ndi za kumwamba mopanda mantha, n'chifukwa chake nyimbo zake zimatonthoza pamaliro, ngakhale kwa amene samva Chingerezi. Inu amene muli nazo m'foni, muziwatsegulira ana anu, muwauzenso kuti mwini mawuwo anali ndani ndiponso ankakhulupirira chiyani.