Nkhwangwa Yobwereka ndi Inshuwalansi Yake

Nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka: anatero makolo athu, ndipo pa zaka zonse zimene mwambi umenewu wakhala ukuyenda pakamwa pa anthu, sipanaoneke munthu woutsutsa, kufikira masiku ano pamene abale athu ochokera ku Mangalande ayamba kutiuza kuti kumeneko nkhwangwa yobwereka amaigulira inshuwalansi. Akuti munthu wofuna kuzolowera chiwongolero akabwereka galimoto ya mnzake, amangotenga lamya yake ya m'manja, nalembamo nambala ya galimotoyo, nalipira ya tsiku limodzi, kapena ya sabata, kapena ya mwezi; ndipo ngati agumula mpanda wa mwini, kampani ndiyo imalipira, mnzake wobwereketsa uja nagona tulo take mwamtendere. Nditamva zimenezi ndinaumvera chisoni mwambiwo, pakuti ndinaganiza kuti tsopano auchotsa ntchito, ndi kuti nzeru imene inalera mibadwo yambiri yagonja kwa kalaliki wa mu ofesi.

Koma nkhani yotere siiweruzidwa ku London. Iyenera kuyesedwa kuno ku Mzuzu, kumene msewu uliwonse ukayenda pang'ono umakumbukira kuti uli pa phiri. Aliyense wokhala mumzinda uno adziwa kuti galimoto zambiri zimene tiyendamo zinakalambira ku Japan, zinatsikira pa doko la Dar es Salaam, zinalowa pa chipata cha Songwe, ndipo zitakwera zitunda za Chiweta, mzinda woyamba kuzilandira unali uno. Ma Sienta, ma Passo ndi ma Vitz amenewa, ochuluka a iwo ndi a automatic, osintha okha magiya, kotero kuti kwabuka mbadwo wa madalaivala umene phazi lao lamanzere silidziwa ntchito ina koma kuvina nyimbo za pa wailesi. Tsoka lake n'lakuti ntchito zolipira zikali m'manja mwa galimoto za manual: malole onyamula matabwa ku Chikangawa, mapikapu a mabungwe olowa m'misewu ya matope ya ku Mzimba ndi ku Rumphi, mathirakitala a m'minda ya khofi. Wofuna ntchito kumeneko amamuyesa mwendo wamanzere asanamuyese mutu.

Chomwecho mphwanga, amene laisensi anali nayo kale koma phazi linaiwala zimene linaphunzira ku sukulu yoyendetsa galimoto, ataitanidwa kukayesedwa ntchito ya udalaivala, anapita kwa bwenzi lake la ku Luwinga, mwini pikapu yakale, nampempha kuti amubwereke masiku owerengeka. Bwenzilo linavomera ndi pakamwa, monga achitira munthu woleredwa bwino, ngakhale kuti dzanja linachedwa kutulutsa kiyi m'thumba. Ndipo mnyamatayo, pokhala woopa milandu ndi womva za ku Mangalande, anati ayambe wapita m'tauni kukagula mtendere wa mumtima.

Mayi wa mu ofesi ya inshuwalansi anamulandira mwaulemu, namufunsa funso limodzi limene linagwetsa nyumba yonse: "Achimwene, kodi galimotoyo ndi yanu?" Atamva kuti ndi ya bwenzi, mayiyo anakhala bwino pampando, nayamba kumuphunzitsa pang'onopang'ono. Anati pepala la inshuwalansi lili m'dzina la mwini galimoto, ndipo pepalalo ndilo linena amene aloledwa kugwira chiwongolero. Kotero ngati pali chosintha, abwere mwini wake, pakuti mlendo sakonza pangano la eni. Anati lamulo la pamsewu la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1997, likakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party, imene kapepala kake apolisi amakasuzumira pa galasi lakutsogolo pamodzi ndi COF, kapepala kotsimikiza kuti galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Koma inshuwalansi imeneyi imalipira anthu ena amene wawapweteka kapena kuwaonongera katundu, ndipo galimoto imene wakweramo siidziwa n'komwe. Anati ilipo ina yaikulu, ya comprehensive, yolipira galimoto yomwe ikachita ngozi. Koma nayonso ili ndi excess, ndalama yoyamba imene mwini ngozi atulutsa m'thumba mwake kampani isanatsegule lake, ndipo kawirikawiri ndalama imeneyi imakula ngati woyendetsayo ali wamng'ono kapena wachilendo pa chiwongolero.

Pamenepo mphwanga anafunsa chimene chinamubweretsa: "Nanga mayi, klatchi ikapsa?" Mayiyo anamwetulira mwachifundo, nati: "Imeneyo si ngozi, achimwene, kumeneko ndi kutha kwa chipangizo, ndipo inshuwalansi ya galimoto siilipira chinthu chotha ndi ntchito."

Taonani tsono kuchenjera kwa mwambi uja! Mwa ziwalo zonse za galimoto, chimene wophunzira magiya achizunza usana wonse ndi klatchi, ndipo chimenecho ndicho akatswiri a mapepala anachitulutsa m'pangano. Mnyamata akagunda mbuzi ya mwini ku Chiputula, pali pokadandaula; akagwetsa wa kabaza, amene kuno timamutcha wa sacramento, pamodzi ndi njinga yake, kampani idzamva mlanduwo; akalowa m'mpanda wa njerwa ku Katoto, adzabwera anthu a makamera kudzayeza mng'alu; akaponda lichero la tomato pafupi ndi msika, ngakhale tomatoyo ali ndi pomuwerengera. Anthu onse osawadziwa a mumzinda wa Mzuzu ali otetezedwa kwa iye, ndi ziweto zao zomwe. Munthu yekhayo amene watsala pamtetete ndi uja anamukomera mtima.

Ndipo musayese kuti klatchi ndi chinthu chophunzirika ndi mawu. Klatchi ndi moto zili ngati akazi awiri a pamitala: wina akamalowa, mnzake azituluka, mwaulemu ndi pa nthawi yake, ndipo mwamuna akakondera mmodzi, nyumba yonse imagwedezeka. Pa bwalo lathyathyathya zonse zimayenda bwino, wophunzira nayamba kudziona ngati dalaivala wa nduna. Koma tsiku limafika loti alowe m'tauni, ndipo pa raundabauti ya pa wotchi, pamene minibasi ili kumbuyo, wa kabaza kumanzere ndi mvula yamawawa pagalasi, galimoto imadumpha kawiri, nizima. Pamenepo hutala amalira kuchokera kumbali zonse, ndipo amatulukira aphunzitsi osalembedwa ntchito, anthu amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire, aliyense akufuula kuti, "Giya wani, bwana! Musiye pang'onopang'ono!" Akapulumuka pamenepo zimamudikira zitunda za ku Masasa, kumene munthu akaima pakati pa chikweza ayenera kukhala ndi miyendo itatu, wa klatchi, wa buleki ndi wa moto, pamene Mlengi anampatsa iwiri yokha, ndipo posowa mwendo wachitatuwo amaimika galimoto ndi theka la klatchi, injini ikubangula, kufikira fungo lina lowawa litalowa m'mphuno, fungo limene mwini galimoto amalimva ngakhale ali ku Ekwendeni.

Ena adzati ndakulitsa nkhani yaing'ono, koma Malembo omwe sanaiyese yaing'ono. M'buku lachiwiri la Mafumu timawerenga za ana a aneneri amene anapita ku Yordano kukadula mitengo, ndipo nkhwangwa ya mmodzi inaguluka nigwera m'madzi. Chimene chinamuliritsa munthuyo sichinali kutayika kwa chitsulo, koma kuti chitsulocho chinali chobwereka. Elisa anadula kamtengo, nakaponya m'madzimo, chitsulo nichiyandama, ndipo imeneyo ndiyo inshuwalansi yokhayo yodziwika imene inalipira tsiku lomwelo, yopanda excess ndi yopanda lipoti la apolisi. Popeza aneneri otere asowa m'magalaja a masiku ano, tiyenera kubwerera kwa Mose, amene m'buku la Eksodo anaika lamulo la chiweto chobwereka: chikapweteka kapena kufa mwini wake palibe, wobwereka alipe; koma mwini wake akakhala pomwepo, palibe cholipa. Ndinena mosaseka kuti palibe loya wa inshuwalansi amene analembapo chiganizo chanzeru kuposa chimenechi.

Pakuti tifunse bwino: n'chifukwa ninji nkhwangwa imaguluka m'manja mwa wobwereka, pamene kwa mwini wake yakhala zaka ikudula mitengo? Si kuti wobwereka ndi woipa mtima, ndiponso si matsenga. Mwini nkhwangwa adziwa kuti mpini wake unayamba kale kugwedera, adziwa mbali yotemera, adziwa kuti auviike m'madzi usiku kuti ugwire. Ndipo zonsezi sazinena pobwereketsa, mwina poiwala, mwina pochita manyazi kuulula kuti chuma chake chili ndi chilema. Momwemonso mwini pikapu adziwa kuti giya yachiwiri imafuna kuinyengerera, kuti handibuleki inasiya kugwira kalekale ndipo mwala uli kuseri kwa mpandowo si wokongoletsa, kuti klatchi yake yakoka matumba a chimanga zaka zambiri ndipo ikungodikira munthu woti ifere m'manja mwake. Chidziwitso chimenechi sichilembedwa m'pepala lililonse la kampani. Chimakhala m'phazi la mwini, ndipo njira yokhayo yochibwerekera pamodzi ndi galimoto ndiyo kumubwereka mwini yemweyo, akhale pampando wa pambali, azigwira mtima ndi kuusa moyo pa nthawi yoyenera. Akatero, klatchi ikapsa yapsa onse awiri akuona, ndipo mlandu umatha usanayambe.

Pano pali chilema chathu chimene ndiyenera kuchitchula, ngakhale chili chilema chochokera m'ulemu. Ife timaopa kukamba za ndalama chinthu chisanaonongeke, poganiza kuti kutero ndi kulosera tsoka kapena kukayikira mnzathu. Kotero wobwereka amati, "Ndiisamala, achimwene," wobwereketsa nayankha kuti, "Aa, palibe vuto, ndi yanu yomwe," onse awiri akudziwa kuti akunama. Mawu amene akanatenga mphindi zochepa pa khonde, akuti mafuta athira ndani, klatchi ikapsa tigawana bwanji, excess atulutsa ndani, amasungidwa kufikira tsiku limene galimoto yakwezedwa pa jeke, makaniko atagwetsa giyabokosi, ndipo pamenepo amanenedwa ndi nkhope zina, kudzera mwa akazi ao ndi alamu ao. Safunsa anadya phula. Koma amene safunsa za klatchi amadya chinthu chowawa kuposa phula, pakuti amayamba kulambalala njira ya ku Luwinga, ndipo pa maliro amakhala mbali ina ya bwalo. Ndaona maubwenzi amene anapirira ngongole, ndale ndi mpira, natha chifukwa cha chitsulo chozungulira chosaposa mbale ya nsima kukula kwake.

Sindikunyoza inshuwalansi ai. Munthu wokwera galimoto ya mnzake asanaone ngati kapepala ka pagalasi kakali ndi moyo, ndi ngati pangano lake limulola iye kuyendetsa, akusewera ndi moyo wa ana a eni oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo ameneyo si wopusa chabe koma wochimwa. Apite ndithu ku ofesi, apite pamodzi ndi mwini galimoto, afunse kufikira atamvetsa, alipire chimene auzidwa. Koma atuluke akudziwa kuti wagula chitetezo cha alendo, ndi kuti cha bwenzi lake sichigulitsidwa pa kauntala: chimenecho amalipira ndi thanki yobwezedwa yodzaza, ndi choonadi chonenedwa tsiku lomwelo fungo lija litamveka, ndi nkhuku yoperekezera kiyi, ndi kupita yekha kwa makaniko asanatumidwe.

Ndipo ndilangiza anyamata onse a phazi laulesi kuti aphunzire ndithu magiya, ngakhale mtengo wake ukhale klatchi imodzi, chifukwa galimoto ya manual ili ndi ukoma umene ya automatic ilibe. Batire ikafa m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni, mwini automatic amaima manja m'chiuno kudikira wodzamubwereka nthambo. Koma wa manual amaika giya yachiwiri, naponda klatchi, naitana amuna anayi odutsa m'njira, ndipo pa chitsikiro choyamba injini imadzuka. Amuna amenewo safunsa pepala, sayeza mng'alu, sadikira lipoti. Amangoyang'ana nkhope yako, nakumbukira ngati unawapatsa moni dzulo. Amene amadutsa anansi ake atatseka magalasi adziwe kuti inshuwalansi yake imeneyo inatha kale, ndipo tsiku lokankha adzakankha yekha, chiwongolero chili m'manja mwa mkazi wake amene sanaphunzire klatchi.